Boma la m'kompyuta: chiphaso, ndalama ndi mavoti m'Malawi

Boma lililonse limayenda ndi kaundula. Kuti lidule msonkho, lilipire mphunzitsi, ligulitse feteleza wotsika mtengo kapena liwerenge mavoti, liyenera kudziwa kuti munthu ndi ndani, kwawo ndi kuti, ndipo chomuyenera n'chiyani. Kwa zaka zambiri kaundula wa boma la Malawi anali wa mapepala: mafailo omanga ndi chingwe ku Capital Hill, mabuku akuluakulu a ku ofesi ya DC, ndi kalata ya mfumu yokhala ndi chidindo cha inki. Kuyambira cha m'ma 2005 ntchitozi zakhala zikulowetsedwa m'makompyuta imodziimodzi. Zina zinayenda bwino, zina zinagwa chagada, ndipo pafupifupi zonse zinakathera pa nsanja ya ndale.

Ntchito za boma m'dziko muno zimatsika masitepe atatu. Pamwamba pali maunduna ku Lilongwe, uliwonse ndi nduna yake komanso mlembi wamkulu, yemwe ndiye amayankha za ndalama. Pakati pali makhonsolo a m'maboma 28 ndi a m'mizinda, omwe lamulo la 1998 linawapatsa udindo woyendetsa sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono, misika ndi ulangizi wa zaulimi, pansi pa mfuu yakuti mphamvu ku anthu. Mphamvuzo zinatsika mwaulesi. Makhansala osankhidwa mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014, ndipo ndalama zambiri zinapitiriza kugamulidwa ku likulu. Pansi penipeni pali mafumu: nyakwawa, gulupu, ndi mfumu yaikulu. Iwowa amalandira mswahala kuchokera ku boma, ndipo kwa munthu wa kumudzi ndiwo khomo loyamba la chilichonse chofuna chidindo.

Wofuna ndalama za malemu bambo ake omwe anali mphunzitsi ku Nsanje kapena ku Chitipa ankayenda masitepe onsewa ndi miyendo yake. Kalata ya anyakwawa inkapita kwa gogo chalo, kuchoka apo kwa DC, kenako ulendo wa ku Lilongwe. Kumeneko mayankho anali odziwika kale: bwerani mawa, failo yanu sikuoneka, abwana ali ku semina. Pa makomo a maofesi otere panamera gulu la madobadoba, anthu osalembedwa ntchito koma odziwa chitseko chogogoda ndi kangachepe koyenera kusiya. Olimbikitsa makompyuta ankalonjeza zinthu zitatu. Ulendo udzafupika. Aliyense wokhudza ndalama kapena dzina la munthu adzasiya phazi looneka. Ndipo maina a anthu omwe kulibe, olandira malipiro kapena makuponi m'malo mwa amoyo, adzafufutika okha. Malonjezowa sanali abodza, koma lililonse linali ndi mchira wake.

Ntchito yaikulu yoyamba kulowa m'kompyuta inali ya ndalama. Mu 2005, m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, boma linakhazikitsa dongosolo la IFMIS kuti ndalama iliyonse yotuluka m'thumba la boma izidutsa pachipata chimodzi: ilembedwe, ivomerezedwe ndi woyenera, ifananizidwe ndi bajeti, kenako cheke chisindikizidwe. Mpanda unali wooneka bwino, koma pachipatapo panali pogona. Nambala zachinsinsi zolowera m'makina anthu ankabwerekana ngati khasu. Ena anali ndi mphamvu yolemba malipiro komanso yowafufuta. Ntchito yofananiza zolembedwa m'makina ndi ndalama zotuluka ku Reserve Bank inkatsalira m'mbuyo miyezi.

Thumba linabookera poyera mu Sepitembala 2013. Wogwira ntchito wamng'ono wa m'boma anapezeka ndi mipukutu ya ndalama m'galimoto, ndipo pa 13 mwezi womwewo mkulu woona za bajeti, Paul Mphwiyo, anawomberedwa pachipata cha nyumba yake ku Area 43 mu Lilongwe, napulumuka. M'masabata otsatira apolisi anapeza ndalama m'mabuti a magalimoto ndi m'nyumba za anthu omwe malipiro awo sakanakwana kugula tayala la galimotozo. Njira yake inali yosavuta kuimva. Wina ankalemba m'makina kuti kampani yakutiyakuti yagulitsa katundu ku unduna, pomwe sinapereke ngakhale msomali. Cheke chikatuluka n'kusinthidwa ku banki, mzere wonse wa malipirowo unkafufutidwa m'kompyuta ngati sunalembedwepo. Akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly, omwe boma la Britain linawalipira, anapeza kuti pakati pa Epulo ndi Sepitembala 2013 pokha panasowa ndalama zoposa K13 biliyoni, ndipo lipoti lotsatira linakweza chiwerengerocho kufika pa K24 biliyoni.

Zotsatira zake zinagwera aliyense. Pulezidenti Joyce Banda anachotsa nduna zake zonse mu Okutobala 2013. Maiko ndi mabungwe othandiza, omwe nthawiyo ankathira pafupifupi K40 pa K100 iliyonse ya bajeti, anaimitsa thandizo lolowa mwachindunji m'thumba la boma, ndipo mankhwala m'zipatala anachepa. Pa chisankho cha Meyi 2014 mayi Banda anakhala achitatu. Makhoti anamanga anthu angapo, kuphatikizapo mlembi wamkulu wa unduna wa zokopa alendo. Mawu akuti kashigeti analowa m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku, moti msungichuma wa kumpingo kapena wa banki m'khonde akathawa ndi bokosi, anthu amati wachita kashigeti. Choyenera kuona ndi chakuti kompyuta inagwira ntchito ziwiri zotsutsana. Inathandiza mbava kutulutsa m'miyezi isanu ndi umodzi ndalama zomwe pa mapepala zikanatenga zaka, komanso zotsalira za m'makina ndi macheke a ku banki ndizo zinathandiza ofufuza kulondola mapazi. Kuyambira mu 2020 boma linayamba kusamukira ku IFMIS yatsopano. Kuba ndalama za boma sikunathere pomwepo: kafukufuku wa 2021 pa K6.2 biliyoni ya Covid-19 anasonyeza kuti ndalama zambiri zinatuluka pakhomo lovomerezeka la ma alawansi ndi kugula katundu mokweza mtengo, pomwe makina alibe chokana chifukwa mapepala onse ali ndi siginecha.

Nkhani ya chiphaso cha unzika ili ndi mizu yakale. M'nthawi ya chipani chimodzi, pepala lomwe Mmalawi ankayenda nalo m'thumba linali khadi la Malawi Congress Party (MCP). Achinyamata a chipani ankaima pa zipata za misika ndi pokwerera mabasi, ndipo wopanda khadi ankabwezedwa kapena kugulitsidwa lina pomwepo. Referendamu ya 14 Juni 1993 ndi chisankho cha 17 Meyi 1994 zinathetsa zimenezo, koma palibe chinalowa m'malo. Kwa zaka zoposa makumi awiri Malawi linali limodzi mwa maiko ochepa m'chigawo chino opanda chiphaso cha nzika zake. Wopanda pasipoti kapena laisensi ankadzizindikiritsa ndi chitupa chovotera, ndipo ambiri ankalembetsa mavoti osati chifukwa chokonda ndale koma kuti apeze kapepala kotsegulira akaunti ku banki kapena kogulira feteleza. Lamulo la kalembera wa nzika linadutsa mu 2010 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2015.

Kalembera weniweni anachitika kuyambira Meyi mpaka Novembala 2017, m'magawo asanu, motsogozedwa ndi nthambi ya National Registration Bureau ndi bungwe la UNDP. Ndalama zake, pafupifupi madola 52 miliyoni a ku America, zinachokera ku boma la Malawi ndi kwa Britain, European Union, Ireland, Norway ndi America. Zida zolembera zinali pafupifupi 2,000, chilichonse chokhala ndi laputopu, kamera, kodindira zala ndi sola yotchajira. Pabwalo la sukulu ya kumudzi ntchitoyo inkaoneka chonchi: tebulo pansi pa mtengo wa mango, nsalu yoyera yopachika kumbuyo kwa mpando wojambulira, sola itayalidwa padzuwa, ndi mzere wa anthu atagwira mafomu. Gogo wosadziwa chaka chake chobadwa ankafunsidwa ngati anali atabadwa pa njala ya 1949, ndipo anyakwawa anali pafupi kuchitira umboni kuti uyu ndi mwana wa m'mudzi muno. Zala za alimi ena, zokhakhala ndi mpini wa khasu, zinkavuta kuwerengeka mpaka azipukute kangapo. M'miyezi isanu ndi umodzi anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo analembedwa. Pa ntchito zonse za makompyuta zomwe boma la Malawi lagwirapo, iyi ndiyo inayenda bwino koposa.

Chiphasocho chinafalikira msanga. Mabanki anayamba kuchifuna. Mu 2018 eni mafoni analamulidwa kulembetsa masimu khadi awo. Boma linayamba kufananiza mndandanda wa olandira malipiro ndi penshoni ndi kaundula wa nzika kuti lipeze maina a mizukwa. Pulogalamu ya Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006 popereka ndalama pamanja, inayamba kulipira ambiri kudzera ku banki ndi pafoni. Koma kalembera wa 2017 anali ngati dima: anthu ambiri, phwando lokonzeka, munda wonse n'kutha tsiku limodzi. Kupalira kwa tsiku ndi tsiku ndi ntchito ina. Tsiku lililonse achinyamata ena amakwanitsa zaka 16, ena amataya chiphaso, ena amamwalira, ndipo zonsezi zimafuna ofesi yotsegula, makina amoyo, makhadi osasindikiza ndi ndalama za m'bajeti ya chaka ndi chaka. Apa ndi pomwe mwendo unayamba kutsimphina. Ziphaso zinali ndi tsiku lothera, ndipo pofika 2021 mamiliyoni a izo zinayamba kutha mphamvu. Anthu ankadikira chatsopano miyezi yambiri atanyamula kapepala kongoyembekezera, ena n'kukanizidwa ndalama zawo zomwe ku banki. Mu 2023 boma linalengeza kuti tsiku lothera lisagwire ntchito mpaka 1 Januwale 2026. Kunali kuvomereza mwaulemu kuti ofesi yalephera kuthamanga mofanana ndi kalendala yake yomwe.

Feteleza wotsika mtengo ndiye amasonyeza bwino momwe luso latsopano limakumanirana ndi ndale za m'mudzi. Pulogalamu ya makuponi inayamba mu 2005 ndipo inakhala msana wa kampeni ya chipani chilichonse. Makuponi a pepala ankabedwa, kusindikizidwa mwachinyengo, kapena kugawidwa kwa achibale a mfumu, ndipo midzi ina yopeka inkabadwa m'kaundula n'cholinga chokolola makuponi. Boma la mgwirizano wa zipani wa Tonse litalowa mu 2020 linathetsa makuponi n'kuyambitsa pulogalamu ya AIP, momwe mlimi ankangopita ndi chiphaso chake cha unzika. Wogulitsa ankajambula chiphasocho ndi foni, dzina n'kutuluka, mlimi n'kulipira K4,495 pa thumba la makilogalamu 50. Mabanja oposa 3 miliyoni anali pa mndandanda chaka choyambacho.

Pa depoti zinthu zinali ndi nkhope ina. Alimi ankafika mbandakucha, ena kugona pomwepo pakhonde atafunda zitenje, chifukwa foni ya wogulitsa inkangozungulira osatsegula. Mawu akuti netiweki yavuta analowa m'malo mwa failo yasowa. Ena atafika kutsogolo kwa mzere ankauzidwa kuti makina akusonyeza kuti agula kale. Mavenda, omwe kale ankagula makuponi, anayamba kugula kapena kubwereka ziphaso zenizenizo kwa alimi osowa ndalama, n'kukatenga feteleza m'dzina lawo. Dzenje lina linatsekekadi, chifukwa kupeka munthu wokhala ndi zidindo za zala n'kovuta kusiyana ndi kupeka dzina papepala. Koma umphawi womwe umachititsa mlimi kugulitsa mwayi wake mu Novembala kuti agule chimanga cha lero sunali m'gulu la zomwe foni ingakonze. Ndipo ndalama yaikulu inatayikira kumtunda, kutali ndi depoti: mu 2022 zinadziwika kuti K750 miliyoni ya feteleza inalipidwa ku kampani ya ku Britain yomwe ntchito yake yodziwika inali ya nyama, ndipo nduna ya zaulimi Lobin Lowe inachotsedwa.

Maofesi ena anasintha mwakachetechete. Bungwe lotolera msonkho la MRA linabweretsa makina osindikiza malisiti m'masitolo ndi njira ya Msonkho Online. Nthambi yoona za pamsewu inayamba kugwiritsa ntchito MalTIS mu 2015, yofuna chala cha mwini galimoto kapena laisensi, ngakhale madobadoba sanasamuke pa mageti. Airtel Money ndi TNM Mpamba, zomwe zinayamba mu 2012 ndi 2013, zachita zambiri pofupikitsa maulendo kuposa mawebusaiti a maunduna onse pamodzi, chifukwa bilu ya madzi ndi mayunitsi a magetsi tsopano zimalipidwa munthu ali pamphasa.

Pasipoti ndiyo inaonetsa poyera funso la umwini. Mu 2019 boma linasainirana ndi kampani ya Techno Brain mgwirizano wa madola 60.8 miliyoni woti ikhazikitse ndi kuyendetsa makina a mapasipoti amakono. Pa kampeni ya 2020, mgwirizano wa zipani wa Tonse unalonjeza pasipoti ya K14,000, pomwe mtengo unali K90,000. Mu Disembala 2021 mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, Thabo Chakaka Nyirenda, anathetsa mgwirizano ndi kampaniyo ponena kuti sunali wokomera dziko. Kuthetsa pepala kunali kophweka, koma makina, mapulogalamu ndi luso loziyendetsa zinali zidakali m'manja mwa omwe anazimanga. Mu Januwale 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima. Mwezi wotsatira Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu alowa m'makinawo ndipo akufuna dipo, lomwe boma silidzapereka. Mabungwe ena omwe si aboma anatsutsa, nati gwero la vuto linali mkangano wa malaisensi ndi umwini wa mapulogalamu. Kampani ija inakana kuti inali ndi dzanja pa kuima kwa makinawo.

Kwa milungu ingapo dziko lonse silinathe kutulutsa pasipoti. Ovutika anali ochita malonda a ku Tanzania ndi ku Joni, odwala oyembekezera chithandizo kunja, ophunzira, ndi achinyamata omwe anali atangolonjezedwa ntchito za m'minda ku Israel. Mu Malichi 2024 kusindikiza kunayambiranso mothandizidwa ndi kampani ya m'dziko muno, ndipo mtengo unatsitsidwa kufika pa K50,000, koma mizere pa maofesi a ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Mangochi inatenga nthawi kuti ichepe. Kaya panali achiwembu kaya mkangano wa malonda, cholakwa cha boma chinali chimodzimodzi: linalola kuti kaundula wa nzika zake akhale m'nyumba yomwe kiyi wake linalibe. Akatswiri a makompyuta olembedwa m'boma ndi ochepa, malipiro awo sapikisana ndi a mabanki ndi makampani a mafoni, ndipo migwirizano imasainidwa ndi boma lina n'kudzathetsedwa ndi linzake lomwe limaiona ngati munda wa adani.

Pa zisankho ndi pomwe makina ndi ndale zimagundana mutu. Mu 2014 njira yotumizira zotsatira pa kompyuta inakanika, ndipo bungwe loyendetsa zisankho la MEC linabwerera ku fakisi ndi mapepala. Pokonzekera 2019, kalembera wa ovota anagwiritsa ntchito chiphaso cha unzika: kungojambula kachidindo ka pa khadi, dzina n'kulowa, ndipo anthu pafupifupi 6.86 miliyoni analembedwa mwachangu chomwe sichinaonekepo. Komabe chida chimodzi cholembera chitapezeka m'sitima ya pamtunda ku Mozambique mu 2018, mphekesera zinayaka ngati moto wa m'tchire, ngakhale akuluakulu anati palibe chinsinsi chinatuluka. Chisankho cha 21 Meyi 2019 sichinagwere pa kaundula ayi. Chinagwera pa mapepala a zotsatira, omwe ambiri anafufutidwa ndi Tipp-Ex, ena anali makope m'malo mwa enieni, ena opanda siginecha. MEC, motsogozedwa ndi Jane Ansah, inalandira madando 147 n'kulengeza Peter Mutharika wopambana ndi mavoti 38.57 pa 100 alionse, Chakwera 35.41, Saulos Chilima 20.24.

Mlandu womwe Chilima ndi Chakwera anakasuma unaulutsidwa pa wailesi, womasuliridwa m'Chichewa, ndipo kwa miyezi anthu m'minibasi ndi m'misika ankatsutsana za mafomu ndi za ndani analowa m'makina a MEC nthawi yanji. Mboni ina ya MCP, katswiri wa makompyuta Daud Suleman, inaonetsa m'khoti momwe inkakhulupirira kuti zotsatira zinasinthidwira. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Mike Tembo, anafafaniza chisankho cha pulezidenti, nagamulanso kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Khoti la Supreme linavomereza pa 8 Meyi. Pa chisankho chobwereza cha 23 Juni 2020, MEC yatsopano ya Chifundo Kachale inadalira mapepala enieni onyamulidwa kuchokera m'maboma kupita ku Blantyre moperekezedwa ndi asilikali. Njira yochedwayi ndiyo anthu anaikhulupirira. Chakwera anapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100.

Zaka zisanu pambuyo pake mipando inali itasinthana, ndipo chikayiko chinasamuka nawo. Lamulo la zisankho la 2023 linati umboni wolembetsera mavoti ukhale wochokera ku kaundula wa nzika basi. Zipani zotsutsa, DPP, UDF, UTM ndi AFORD, zinadandaula kuti ambiri alibe ziphaso, ndipo mu Okutobala 2024 Khoti Lalikulu linalamula kuti a kalembera wa nzika azipezeka pa malo olembetsera mavoti kuti athandize opanda chiphaso. Zipanizi zinakananso makina a kampani ya Smartmatic omwe MEC inagula, n'kupempha kuti akatswiri oima paokha awaunike, koma MEC ya Annabel Mtalimanja sinalole m'mene zinkafunira. MCP, yomwe mu 2019 inkaloza chala makina, tsopano inali kumbali yowateteza. Pa 16 Sepitembala 2025 anthu anavota papepala monga kale, mwa olembetsa pafupifupi 7.2 miliyoni, ndipo MEC inadikira mapepala enieni a m'maboma isanalengeze. Pa 24 Sepitembala Mutharika analengezedwa wopambana ndi 56.8 pa 100, Chakwera 33, ndipo Chakwera anali atavomera kale kugonja. Chipani chomwe chinkati makina akonzedwa kuti achibere ndicho chinapambana, ndipo madando a masiku owerengera anachokera kwambiri ku chipani cholamula. Jane Ansah anakhala wachiwiri kwa pulezidenti. Zisankho zinayi izi zikusonyeza kuti andale a m'Malawi saweruza makina poona kapangidwe kake koma poona yemwe wawagula, ndipo chomwe chimakhazika mitima pansi ndi pepala losainidwa pamaso pa mamonita, lomwe aliyense angaligwire.

Kaundula wokhala ndi nkhope, zala, mudzi ndi nambala ya foni ya munthu aliyense wamkulu ndi mphamvu yomwe ngakhale boma la Kamuzu linalibe. Malamulo oiweta anabwera mochedwa. Mkangano wa makina a CIRMS, omwe bungwe loyang'anira zamtokoma ndi mauthenga la MACRA linagula kuti liziunika makampani a mafoni koma anthu anawatcha makina a ukazitape, unakhala m'makhoti zaka zingapo. Lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti lagwiritsidwa ntchito pomanga anthu, atolankhani omwe, chifukwa cha zolemba pa Facebook, pa WhatsApp ndi pa nyuzipepala za pa intaneti, pansi pa maboma a mbali zonse ziwiri. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linasainidwa mu 2017 koma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo lipoti la Chilima la 2021 lokhudza ma alawansi, kagulidwe ka katundu ndi makontirakiti a ntchito m'boma silinatulutsidwe kwa anthu ndi boma lomwe linalipempha. Lamulo loteteza zinsinsi za munthu linadza mu 2024, patatha zaka zisanu ndi ziwiri zala za anthu 9 miliyoni zili kale m'makina, ndipo udindo wolilondera unaperekedwa kwa MACRA yomweyo, yomwe akuluakulu a bodi yake amasankhidwa ndi pulezidenti.

Pansi pa zonsezi pali nkhani ya magetsi ndi mtunda. Kalembera wa chiwerengero cha anthu wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, 84 mwa 100 alionse okhala kumudzi, ndipo nyumba zowunikira magetsi zinali pafupifupi 11 mwa 100. Namondwe wotchedwa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuthimathima kunatenga kuposa chaka, ndipo ofesi ya pa boma yopanda mafuta a jenereta inkatseka kompyuta n'kutsegula buku. World Bank inapereka madola 72.4 miliyoni mu 2017 pa pulojekiti ya Digital Malawi yolumikiza maofesi, sukulu ndi zipatala, ndipo mu 2022 malo osungira kaundula wa boma omangidwa ndi Huawei anatsegulidwa ku Blantyre. Mawaya afikadi m'maboma. Koma mafomu ambiri a pa intaneti ali m'Chingerezi ndipo amafuna foni yamakono ndi bandulo. Mayi wa foni ya mabatani, kapena wopanda foni n'komwe, amapereka chiphaso chake ndi nambala yachinsinsi kwa ajenti wa pa tredingi senta kapena kwa mdzukulu. Dobadoba wa pageti wasanduka mnyamata wa laputopu m'kashopu kojambula mapepala, ndipo naye amalipiritsa. Akuba a pafoni, odzitcha a Mtukula Pakhomo kapena a kampani ya mafoni, amakolola pa anthu omwewa.

Ntchito za makompyuta m'boma la Malawi zakhala zikuyenda bwino pamene pali tsiku lomaliza, ndalama za abwenzi akunja ndi maso a dziko lonse, monga pa kalembera wa 2017 ndi pa masiku a chisankho. Zakhala zikufooka pa ntchito yosaoneka ya pakati pa zisankho: kulipira laisensi ya pulogalamu, kugula makhadi, kusunga katswiri pa ntchito, kuchotsa m'kaundula dzina la womwalira. Tsiku lothera losindikizidwa pa ziphaso za 2017 silipitirira zaka khumi, kutanthauza kuti zomaliza mwa izo zikufika kumapeto mu 2027. Chisankho chotsatira chili mu 2030, ndipo mwa lamulo lomwe lilipo, yemwe sali m'kaundula wa nzika sadzalembetsa kuti avote.